Palafini wa Buluu

Ndege ija inagwa Lamlungu m'mawa anthu ali ku tchalitchi, n'chifukwa chake kunalibe maliro. Kanali kandege kakang'ono, kaja konyamula alendo ofuna kuona mathithi ali m'mwamba. Katangonyamuka pabwalo, injini inatsokomola n'kuzima. Kanabwera chotsetsereka pamwamba pa madenga a kumapeto kwa Dambwa North, kanadula mapapaya a Ba Lister, kanagumula chimbudzi chawo, n'kukazika mphuno m'munda wa chimanga. Woyendetsa ndi alendo ake anali ndi mabala, koma anatuluka ndi miyendo yawo.

Akatswiri atatsegula thanki anapezamo palafini. Kandege kotere sikamwa palafini, kamamwa petulo wakewake wa mtundu wa buluu. Manijala wa kampani ya tindegeti, Jethro, sanachedwe kuloza chala. Anati mlonda wake wa usiku, Ba Akapelwa, ankaba petulo m'madiramu n'kumathiramo palafini kuti asadziwike, ndipo ogula petuloyo anali anthu a m'komboni. Dzuwa lisanalowe mkulu uja anali m'selo. Akanselo nawo, amene kwa zaka anali kuiyang'ana cham'mbali komboni imeneyi, anapeza pogwira. Anati akhala pansi Lachisanu, ndipo ngati n'zoona kuti okhala m'mbali mwa waya wa bwalo la ndege ndi akuba, buludoza ibwera. Wakuba sapatsidwa puloti kwina, anatero.

Imodzi mwa nyumba za m'mbali mwa wayazo inali ya bambo ake a Vailet Chikaonda, wapolisi wofufuza milandu.

Vailet anatsika minibasi Lachitatu m'mawa n'kupeza mayi wina wa majombo a mvula ataima pabwalo la kwawo, diso lili m'kachipangizo ka miyendo itatu. Pafupi ndi khomo la khitchini panali chikhomo chomangidwa kansalu kofiira. Bambo Chikaonda anali pakhonde, atavala jekete ngati akudikira abusa. Anabwera kuno kuchokera ku Ntcheu ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo njerwa za nyumbayo anaumba okha.

"Ndimwe bandani, ndipo mupima chani pa nyumba ya batate banga?" anafunsa Vailet, moni osapereka.

Mayiyo anachotsa diso pa chipangizo n'kuyankha ndi mawu aulemu a kwawo. "Ndine Mukuka, mukwai. Nachokera ku Lusaka. Banituma kupima kuti ndege ikagwa, ingagwere pati."

"Yagwa kale. Yendani mu munda mwa Ba Lister mukaone, simufunika makina."

"Naonako. Manje nifuna kudziwa kwamene izagwera yotsatira."

Ba Mukuka anatola kamtengo n'kujambula pansi mzere wautali. Kumapeto kwake anajambula chinthu chonga lilime, chotakata patsinde, chopyapyala kunsonga.

"Uyu ni msewu wa ndege. Ndege sizigwa paliponse, mwandi. Zambiri zigwa ponyamuka na potera, pafupi na kumapeto apa, mkati mwa lilime ili. Ntchito yanga ni kuona kuti mu lilime mugona bantu bangati." Anaponya kamtengoko. "Ine sinigwetsa nyumba. Nilemba chabe vamene naona."

"Bonse bakamba choncho. Wolemba alemba chabe, wa buludoza ayendetsa chabe, ise ndise tigona panja."

"Vailet," anatero bambo ake ali pakhonde, osakweza mawu. "Mayiwa ndi mlendo wanga. Ndawapatsa kale tiyi. Ukali wakowo pita nawo kumene ukufunika. Akapelwa ali m'chitokosi. Munthu ameneyu nkhuku yanga itakaikira kwake anaibweza, ndi mazira omwe, atawakulunga m'chipewa. Ukuti angabe petulo?"

Vailet anayang'ana lilime lija pansi. Sanafunse pamene panali nyumba yawo. Anadziuza kuti ngati palibe wakuba m'komboni, buludoza ilibe chifukwa chobwerera, basi. Anatembenuka n'kubwerera ku siteji.

* * *

"Mlandu uyu wapsa kale, Chikaonda," anatero Insipekitala Mufalo, mkulu wake, akusenda nthochi. "Kamufunse ngati ufuna. Koma nidziwa kwamene uchokera. Ukaupinda, nizakupinda naiwe."

Ba Akapelwa anali atakhala pa simenti msana uli njo, nsapato zopanda zingwe ataziika pambali mwadongosolo. Anali wamtali, wa imvi, Mlozi wa ku Senanga, wosalankhula popanda "sha", mawu aulemu a kwawo. Atamuona Vailet anaomba m'manja pang'onopang'ono, ngati kuti mlendo wafika pakhomo pawo.

"Ba Akapelwa, munatsegulako madiramu ya petulo?"

"Awe, sha. Makiyi ya shedi yali na Ba Jethro. Ine nilonda panja."

"Ndani anathira mafuta mu ndege pa Sande?"

"Sininaone, sha. Ine nichoka kukacha. Koma pa Sande makaniko sabwera, ayimba kwaya. Bwana bathira beka."

Vailet anakhala pa chidebe chozondotsa. Chinthu china chinkamuvuta kuyambira Lamlungu. M'komboni palafini amagulidwa ndi kabotolo ka mankhwala, ndipo mayi amapendeketsa kabotoloko mpaka dontho lomaliza ligwe. Munthu wa m'komboni angatenge palafini wodzaza chidebe n'kukamuthira m'diramu la mwini? Nanga petulo wa ndege akamugulitsa kwa yani, pakati pa anthu oyenda pa njinga?

"Ku nyumba kwanu muyatsa chani usiku?"

"Makandulo, sha."

"Makandulo? Imwe? Kuyambira liti?"

Mkulu uja anayang'ana nsapato zake. Anazisuntha pang'ono ngakhale kuti zinali zolunjika kale.

"Ba Akapelwa, pa Chisanu bazagwetsa nyumba zathu. Ngati pali chamene mudziwa, kambani."

"Ngati nakamba, mwana wanga, ndiye bazagwetsa bwino." Vailet atafika pachitseko, mkuluyo anamuitana. "Ukapita ku Maramba, uuzeko mulamu wanga Inutu kuti asaleke kupita ku kiliniki. Dzanja lija lizawola."

"Banapsa na chani?"

"Phala, sha," anayankha mofulumira kwambiri. Munthu amene mawu aliwonse ankayamba wawatafuna, apa sanatafune.

* * *

Msika wa Maramba unali matope okhaokha. Ba Inutu anali pa malo awo a masiku onse, pakati pa ogulitsa kapenta ndi ogulitsa makala, akutembenuza zitumbuwa ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali lokulungidwa m'chitenje mpaka m'chigongono.

"Vailet! Bakutuma kuti unimange naine? Gula vitumbuwa poyamba, kapokola wa njala ni woipa."

"Ba Akapelwa bati musaleke kupita ku kiliniki."

"Uja naye! Ali mu selo koma afuna kulamulira dzanja langa."

"Bati munapsa na phala."

"Ee, phala. Chavuta chani?"

Vailet anatenga chitumbuwa n'kukhala pa benchi. Anawayang'ana kumaso osathamanga. "Ba Inutu, phala yanji yamene ipsereza nsidze?"

Ba Inutu anakweza dzanja kuti agwire pachipumi, n'kulibweza. Nsidze ya kumanja kunalibe, ndipo tsitsi la kutsogolo, pansi pa duku, linali lofiirira ngati ndevu za chimanga.

"Iwe mwana, ninakusambika ine uli na mamina."

"Nidziwa. Ndiye chifukwa nabwera neka."

Mayiyo anachotsa poto pa mbaula. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu, koma mawu a Ba Inutu ngakhale otsitsa ankafika kwa ogulitsa makala.

"Ni koloboyi. Ninathira palafini monga masiku onse, nayatsa machisa, phuu! Moto mpaka ku denga. Ngati mwana anali pafupi, sembe nikamba vina."

"Palafini munagula kuti?"

"Kugula? Iwe, usazipange mlendo. Unaphunzira na nyali ya chani mpaka kupasa Fomu Faivi? Ni palafini ya mu diramu!"

Ndipo anafotokoza, Vailet akumva zimene theka lake ankalidziwa kale koma anali asanaliganizirepo. Ndege zikuluzikulu zimamwa palafini. M'mawa uliwonse anthu a mafuta amakhetsako pang'ono pansi pa thanki kuti aone ngati mwalowa madzi. Zokhetsazo sizibwereranso m'ndege, n'zotaya. Kuyambira kalekale ankazithira m'diramu lina lakale kuseri kwa shedi, ndipo alonda, osesa ndi odula udzu ankatungamo ndi kachitini n'kupita nazo kwawo. Palibe anawapatsa chilolezo, palibenso anawaletsa. Theka la nyali za m'mbali mwa waya linkayaka ndi diramu limenelo.

"Manje kwabwera tundege utu twa bazungu," anapitiriza Ba Inutu. "Makaniko wabo naye akhetsa m'mawa, aona diramu ili apo, athiramo. Ise tidziwa chani? Mafuta ya ndege ni mafuta ya ndege. Kansi yabo ni petulo!"

"Munauza ndani?"

"Tiuze ndani? Kuti batifunse kuti munaitenga kuti? Ba Akapelwa banayenda chabe nyumba na nyumba, ati lekani kutapa mu diramu. Bonse banaleka. Ziii."

"Ndiye diramu inayamba kudzala."

"Kaya. Nimvera ati Ba Jethro banaigubuduza, baiika mukati mwa shedi, bakhoma. Chamene baifunira, bafunse beka."

Vailet anasiya kutafuna. "Palafini ija inasalako?"

Ba Inutu anadandaula, anatchula Mulungu, anatchula malemu amuna awo, kenako anapisa dzanja pansi pa tebulo, kuseri kwa thumba la ufa, n'kutulutsa botolo la sikwashi lotsekedwa ndi chitsononkho. Ankaopa kulisiya kunyumba kuli ana, ankaopanso kulitaya. Vailet analikweza kuloza kumwamba. Palafini amaoneka ngati madzi. Uyu anali ndi kamtundu ka buluu, kofooka ngati ka malaya a sukulu ochapidwa kambirimbiri.

* * *

M'minibasi yobwerera, botolo lili m'chikwama pamiyendo, Vailet anamvetsa chimene Ba Akapelwa ankakhalira chete. Kutchula diramu kunali kuvomera kuti komboni yonse yakhala ikuunikira ndi mafuta a pabwalo la ndege. Akanselo akanangomva mawu amenewo, osamvanso china. Mkulu uja anasankha kugona pa simenti kuti anzake asatchedwe akuba, ndipo anali kutchedwa akuba chimodzimodzi. Vailet anakwiya, koma sanadziwe woti amukwiyire. Botolo limeneli likhoza kutsegula selo. Likhozanso kuitana buludoza.

Anapeza Ba Mukuka akupinda miyendo ya chipangizo chawo pafupi ndi munda wa Ba Lister. Sanawakonde mayiwa, koma anali ndi chiphaso cholowera paliponse pabwalo la ndege, ndipo ankadziwa za mafuta.

"Nifuna munithandize," anatero Vailet. Anatulutsa botolo lija m'chikwama. "Koma poyamba niuzeni. Munthu akatola chinthu chamene eni bake bataya, ni kawalala?"

Ba Mukuka anamuyang'ana, anayang'ana botolo, n'kutsegula buku lawo. Anang'amba kapepala koyera, anadonthezapo madzi a m'botolo, n'kukagwira m'mphepo.

"Petulo ya ndege iuma, siisiya chizindikiro. Palafini isiya mafuta." Anadikira. Pakati pa pepala panauma, koma panatsala bwalo lonyezimira ngati pamene pagona chitumbuwa. "Umu muli vonse viwiri. Mwaitenga kuti?"

"Simunaniyankhe."

"Awe, si kawalala. Koma wamene anasiya diramu yotere pa bwalo ya ndege, ameneyo nifuna kumudziwa. Tiyeni."

* * *

Shedi ya kampaniyo inali kumapeto, kutali ndi kumene alendo amatsikira. Vailet sanalowe. Anayamba wazungulira kuseri. Pafupi ndi khoma panali bwalo la dzimbiri pa simenti, pamene diramu linakhala zaka. Kupitirira apo kunali udzu wa dzinja, wobiriwira mpaka m'mawondo. Koma pakati pa udzuwo panadutsa mpita wachikasu, wofota, wochokera pa kachitseko ka kumbuyo kwa shedi n'kutsetserekera ku ngalande. Vailet anagwada n'kufukula dothi ndi chala. Sanafunike kulifikitsa kumphuno.

"Uyu udzu wafa manje manje," anatero Ba Mukuka. "Mizu ikali yoyera."

Jethro anawalandira ataimirira. Anali mnyamata wa kumayadi a ku Nottie Broadie, wa tayi ndi magalasi a dzuwa pamutu, wa msinkhu umodzi ndi Vailet. Foni inali kulira pa tebulo ndipo sanaiyankhe.

"Ofisa, nili bize. Bene ba kampani batuma foni kuchoka kunja ola iliyonse. Sitetimenti ninapereka kale. Aba bantu ba mu komboni ni bakawalala, basi."

"Ni funso ing'ono chabe. Ndani anathira mafuta pa Sande?"

"Ine. Nanga ni mlandu? Ninatenga mu diramu yamene mudala uja anaononga."

"Tionetseniko."

Madiramu a petulo anali m'mbali mwa khoma, atsopano, opakidwa penti. Ba Mukuka anayenda nawo limodzi ndi limodzi, akudontheza pa pepala. Dontho lililonse linauma mbee.

"Ija yoipa inasila," anatero Jethro. "Yonse inalowa mu ndege."

"Ili kuti yopanda kanthu?"

"Tinabweza ku depoti."

"Liti? Mlonda wa pa geti akuti kulibe lole yamene yalowa kuno kuchokera pa Sande." Vailet anali asanalankhule ndi mlonda wa pa geti. Anangoona Jethro akumeza malovu, n'kudziwa kuti sipafunikanso kutero.

Anayenda mpaka kukona ya kumbuyo, pafupi ndi kachitseko kaja, n'kukoka tenti yakale. Pansi pake panali diramu lopindikapindika, lopanda penti, lopanda dzina la kampani iliyonse. Pakamwa pake panali pomangirira waya, ndipo kuwayako kunkalendewera kachitini ka mafuta ophikira kodulidwa pakati. Pamwamba pa diramu panali fanelo yaikulu yokutidwa ndi nsalu yosefera.

"Ivo ni vinyalala," anatero Jethro. "Yakhala yopanda kanthu kuyambira chaka chatha."

Vailet anapendeketsa diramulo. Madontho angapo anagwera pa pepala la Ba Mukuka. Onse atatu anaima n'kumaliyang'ana. Bwalo la mafuta linatsala.

"Ndege itagwa, bonse banathamangira ku komboni," anatero Vailet. "Ba ozimitsa moto, ba pa geti, ngakhale osesa. Batate banga banaona bonse. Imwe, mwini wa ndege, sibanakuoneni. Munali kuti?"

"Pa foni."

"Foni ili kuseri kwa shedi, mu udzu?"

Jethro anakhala pa bokosi la zitsulo. Anachotsa magalasi pamutu n'kuwapinda, n'kuwatambasula, n'kuwapindanso. Foni inalira n'kusiya.

"Inali ya buluu," anatero pomaliza, mawu ali ang'ono. "Ninayang'ana mukati na tochi. Inali ya buluu, ofisa. Makaniko wanga athiramo petulo yathu m'mawa uliwonse, nimuona na maso yanga. Bene ba kampani banifunsa tsiku na tsiku kuti mafuta yayenda kuti. Manje nipeza diramu yodzala na petulo yathu, ili chabe panja. Ninasefa bwinobwino, kawiri. Ninali kudziwa bwanji kuti ba ndege zikulu bathiramo palafini kukalibe kucha? Kulibe ananiuza!"

"Munafunsa? Ba Akapelwa bakupatsani moni m'mawa uliwonse."

Jethro anakweza mutu. "Sembe ninafunsa, sembe bananiuza?"

Vailet anayang'ana kachitini kolendewera kuwaya kaja. Anakumbukira mawu a Ba Inutu pamsika: bonse banaleka, ziii. Dzanja la mayi linapsa, komboni yonse inadziwa kuti m'diramu muli imfa, ndipo palibe anayerekeza kukauza munthu wa tayi, poopa funso limodzi. Wa tayi naye sanaone chifukwa chofunsira mlonda za diramu. Anthu awiri ankapatsana moni pa geti lomwelo, aliyense atanyamula theka la nkhani.

Koma chifundo chake chinathera pomwepo.

"Kuthira munalakwitsa chabe," anatero. "Koma ndege itagwa munanunkhiza diramu, mwadziwa. Mwataya yosala mu udzu. Mwavala tayi, mwabwera ku polisi, mwapereka mudala wa imvi kuti agone pa simenti m'malo mwanu. Mwapereka na nyumba zathu pamwamba. Ichi simunalakwitse, munasankha. Imani, tiyende."

* * *

Insipekitala Mufalo anang'ung'udza, anati Chikaonda ndi mutu wouma, koma pepala la mafuta, diramu ndi mayi wa ku Lusaka ataima pakhomo sakanazikana. Ba Akapelwa anatulutsidwa Lachinayi masana. Anakhala pa sitepe ya polisi n'kulowetsa zingwe m'nsapato zawo modekha, bowo ndi bowo, kenako ananyamuka wapansi kupita ku Maramba.

Vailet anapeza Ba Mukuka panja akudikira galimoto. Kwa nthawi yoyamba chiyambire Lamlungu, anali kumva thupi kupepuka.

"Manje mukachotse vikhomo vanu," anatero akuseka. "Kulibe kawalala mu komboni."

Ba Mukuka sanaseke. "Nizalemba kuti kulibe kawalala. Nizalemba kuti diramu inali mlandu wa ba mafuta, osati wa bantu botola votayidwa. Koma vikhomo visala, mukwai."

"Chifukwa?"

"Lelo ni palafini. Mailo izakhala mbalame mu injini, olo mphepo, olo woyendetsa wodwala. Injini ikazima ponyamuka, ndege iyenda kumodzi chabe. Ija inagwa mkati mwa lilime, pamene pene nikanaloza na chala ikalibe kugwa. Nyumba ya batate banu ili patsinde."

Vailet anakweza mawu. "Ndiye imwe mubweretsa ndege pa mitu yathu kuti bazungu baone manzi, ise ndise tichoke? Uzani ndege zileke!"

"Nizalemba kuti tundege tunyamukire ku sanga, kwamene kulibe nyumba, mphepo ikalola. Siilola masiku onse. Bwalo sibazaitseka chifukwa cha ine, mudziwa naimwe." Anasuntha chikwama kuchoka paphewa lina kupita pa lina. "Chamene chasintha ni ichi. Dzulo banali kuchotsa bakawalala. Manje bazasamutsa bantu bamene bali pa ngozi yosachita beka. Nizakamba mu miting'i kuti khoma isagwe mpaka aliyense aonetsedwe puloti yake. Nizakamba mokweza. Imwe mubwere na Ba Akapelwa, bakhale kutsogolo, bakanselo babayang'ane kumaso."

"Ngati nakupemphani kuti musunthe chikhomo chimodzi chabe?"

"Ningasunthe. Ni kamtengo chabe. Koma Ba Lister banali ku tchalitchi pa Sande. Batate banu banali kuti?"

Bambo ake a Vailet miyendo inali itayamba kuwavuta, ndipo Lamlungu lija sanapite ku tchalitchi. Anali m'nyumba, akumvera mapemphero pa wailesi.

* * *

Vailet anapeza bambo ake akuthirira tomato kuseri kwa khitchini. Dzuwa linali litapendeka koma likadali lotentha.

"Akapelwa watuluka," anatero Vailet.

"Ndamva. Inutu wadutsa pano akuimba ngati wamwa." Anaika chitini pansi. "Nanga nyumba?"

Vailet anali atakonza mawu m'minibasi, mawu ofewa, oyamba ndi za mapuloti. Onse anamuthawa.

"Tichoka, bambo. Osati ngati akuba. Atipatsa malo ena, mayi aja akuti akalimbana nazo. Koma tichoka. Ndinayesa."

"Unawapempha kuti asunthe chikhomo?"

"Ndinawapempha."

"Anakana?"

"Sanakane. Ndine ndinasiya."

Bambo Chikaonda anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapukuta manja pa thalauzi n'kubwerera chammbuyo mpaka pa mpanda, pamene nyumba yonse inkaoneka. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pa maziko mpaka pa mtanda wa denga. Vailet anadikira kuti akalipe, kapena alire, ndipo sanadziwe chimene akanatha kupirira pa ziwirizi.

"Malata awa ndinakhoma ndi misomali yopota," anatero. "Munthu wosadziwa akawazula amang'amba. Mafelemu a mawindo ndi a mtengo wa mukwa, sanadyedwe ndi chiswe ngakhale pamodzi. Njerwa zambiri zikhoza kutuluka zamphumphu, dothi lake ndinalisankha." Anatembenuka. "Buludoza isakhudze khoma langa, wamva? Imeneyo ndi ya nyumba za akuba. Yanga ndinaimanga ndekha, ndiitsitsa ndekha, tsiku limene ndidzaone puloti ndi maso angawa."

"Bambo, miyendo yanu."

"Ndiye ukwera ndiwe, ine ndizikuuza msomali woyamba. Loweruka usapite ku ntchito. Tiyambe taona ngati makwerero aja akadali olimba."